Mchenga Umene Ndidakwapulira Mwana Wanga

Amayi anzanga a m'tauni ndi a kumudzi, ndikudziwa kuti ena mwa inu mudabwa kuona nkhani ya mpira wa miyendo pa tsamba lathu lino, pamene tidazolowera kukambirana za kaphikidwe, kaleredwe ka ana ndi za m'banja. Ndikupemphani kuti mundilezere mtima, pakuti nkhani imene ndadza nayo lero ndi ya m'banja ndithu, ngakhale kuti pakati pake pali mpira. Ndi nkhani ya tsiku limene ndidakwapula mwana wanga mopyola muyeso, ndi ya miyezi imene idapita ndisadazindikire kulakwa kwangako.

Ine ndimakhala ku Manje, m'munsi mwa phiri la Soche, mumzinda wa Blantyre. Ndidakwatiwa kuno, ndipo ana anga anayi adabadwira konkuno. Bambo a kunyumba ndi mlonda wa usiku ku Limbe, ndipo malipiro awo amatha mwezi usadafike pakati. Kamba ka ichi, kwa zaka zambiri ine ndi anzanga takhala tikuwola mchenga mumtsinje ndi kumagulitsa kwa omanga nyumba. Amene adaigwirapo ntchitoyi akudziwa kuwawa kwake. Umalawirira nkhuku zisadatsike, fosholo ili paphewa, n'kukalowa m'madzi ozizira. Umadzaza ndowa, kusenza, kukwera nayo mtunda, kukhuthula, n'kubwereranso. Dzuwa likamafika paliwombo msana umakhala ngati wathyoka, chonsecho mulu umene waunjika sudafike n'komwe m'chiuno. Kuti mchenga ukwane lole imodzi pamapita masiku angapo. Tsono kwa ine mchenga udali ndiwo, udali sopo, udali makope a ana a sukulu. Sindinkauona ngati chinthu choti munthu n'kuseweretsa.

Mzime wanga, mwana wamwamuna, adali ndi zaka 10 m'chaka cha 2022. Mwanayu adakonda mpira chiyambire kuyenda. Mapepala apulasitiki onse a m'nyumba ankathera kumanga chikulunga, ndipo chingwe changa choyanikapo zovala chinkangofupikirafupikira osadziwika chochidya. Koma kuno ku Manje malo osewerera ndi osowa. Nyumba zidathithikana, ndipo pamene patsala mpata pamakhala miyala kapena potsetsereka. Ana akasewera pamsewu amaopsezedwa ndi njinga zamoto. Akasewera pabwalo la munthu amapirikitsidwa poopa magalasi a mazenera. Motero iye ndi anzake, asanu onse pamodzi, adapeza kuti malo ofewa okhawo ndi pamene ife tinkaunjika mchenga.

Tsiku lina Loweruka, m'mwezi wa Seputembala, ndidabwera kuchokera kumaliro ndi kupeza mulu wanga wa masiku anayi ataumwaza. Adausalaza ndi mapazi, naika miyala iwiri uku, iwiri uko, kuti akhale magolo, ndipo mchenga wonse udali utasakanikirana ndi dothi ndi zinyalala. Mwini lole adali atalonjeza kudzanyamula Lolemba. Sindidafunse kanthu. Ndidathyola mkwapulo ndi kumukwapula pamaso pa anzake, ndipo chikulunga chake ndidachiponya pamoto pamene ndinkaphika nyemba. Mawu amene ndidanena ndikuwakumbukabe: "Mpira wa pamchenga udalemeretsa yani? Amenewa ndi masewera a ana osalangidwa." Iye sadalire mokweza. Adangoweramitsa mutu nati, "Amayi, pamiyala timavulala."

Apongozi anga aakazi adali atabwera kuchokera ku Nkhotakota kudzacheza. Adaonerera zonse ali pamkeka, osanena kanthu kufikira usiku. Titatha kudya adandiitana pambali nati, "Apongozi, kulanga mwalanga, ndipo mchenga wakuonongeranidi. Koma mawu aja oti ndi masewera a ana osalangidwa muwabweze. Kwathu kunyanja ana onse amakulira pamchenga, ndipo ena mwa iwo lero akuvala malaya a dziko." Ndidagwada ndi kuyankha kuti ndamva, koma mumtima ndidati agogo onse amaikira kumbuyo adzukulu awo.

Utangopita mwezi umodzi, mu Okutobala 2022, bambo adali kumvera nkhani za masewero pa wailesi asadanyamuke ulendo wa kuntchito. Wolengeza adati timu ya dziko lino ya mpira wa pamchenga ili ku Vilankulo, m'dziko la Mozambique, kumene ikupikisana nawo pa chikho cha mayiko a mu Africa. Kadali koyamba kuti dziko la Malawi lifike ku mpikisano umenewu. Anyamatawo adapeza mwayiwu atakumana ndi Tanzania kawiri, kuno kwathu ndi kwawo; zigoli zidafanana, koma athu adapitirira popeza adagoletsa zambiri koyenda. Mwana wanga adakweza maso nandiyang'ana osanena kanthu. Ine ndidachita ngati ndatanganidwa ndi kuomola nsima.

Mawa lake mwana wanga wachisamba, amene amakonza lamya za m'manja, adatisonyeza pa lamya yake mmene mpirawu umaseweredwera, ndipo ndidaonerera ndi diso la kumbali. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera 5, mmodzi mwa iwo ndiye wapagolo. Onse amasewera opanda nsapato, osati chifukwa cha umphawi, koma chifukwa lamulo lake limatero. Bwalo lake ndi laling'ono, mamita pafupifupi 36 m'litali ndi 27 m'lifupi, pamene bwalo la mpira umene tidauzolowera, monga la Kamuzu Stadium, limafika mamita 100 ndi kupyola. Masewero amagawidwa patatu, chigawo chilichonse mphindi 12, ndipo mphunzitsi ali ndi ufulu wosintha osewera nthawi zonse zimene wafuna, pakuti kuthamanga pamchenga kumalemetsa msanga. Pa ichi sindidafune wondifotokozera; kulemera kwa phazi pamchenga ndimakudziwa kuposa iwo.

Mpirawu suthera kufanana mphamvu. Zigoli zikafanana amawonjezera mphindi 3, ndipo zikakanikabe amamenyerana mapenate kufikira wina atagonja. Popeza mpira sugubuduka bwino pamchenga, osewera amaunyamula m'mwamba, ena n'kuumenya akugwa chagada, mutu pansi miyendo kumwamba. Amene wachitidwa chipongwe ndiye amamenya yekha mpira wachilango, ndipo adani ake saloledwa kuima mpanda kutsogolo kwake. Chimene chidandiseketsa ndi chakuti asadamenye, wosewera amayamba waunjika kamulu ka mchenga ndi phazi, naikapo mpira pamwamba. Ndidati kani iwonso amaunjika milu monga ife.

Masewerawa adakulira m'mbali mwa nyanja ku Brazil. Mpikisano woyamba wa dziko lonse lapansi udachitikira mumzinda wa Rio de Janeiro m'chaka cha 1995, ndipo bungwe la FIFA lidayamba kuuyendetsa m'chaka cha 2005. Wa muno mu Africa udayamba m'chaka cha 2006 ku Durban, m'dziko la South Africa, ndipo adapambana ndi a Cameroon. Ku Vilankulo kuja mayiko ambiri adali a m'mbali mwa nyanja za mchere, monga Senegal, Egypt, Morocco, Madagascar ndi eni nthaka a Mozambique. Ife ndi a Uganda tokha ndife tidachokera ku nyanja za madzi akumwa. Anyamata athu sadafike patali, ndipo chikho chidapita ku Senegal itagonjetsa Egypt pa mapenate. Komabe mbendera yathu idakwezedwa pakati pa mbendera za mayiko ena chifukwa cha anyamata opanda nsapato.

Ndinene zoona, amayi anzanga: ndidadabwa, koma sindidasinthe. Ndidati awo ndi a kunyanja, mchenga wawo ndi waulere, pamene wanga ndi wa thukuta. Lamulo langa loletsa mpira pafupi ndi milu yathu lidakhalabe chikhalire.

Kenaka chidadza chimene tonse a kuno sitidzachiiwala. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy adafika m'chigawo cha kummwera. Mvula idagwa usana ndi usiku osalekeza, ndipo pofika Lolemba pa 13 Malichi phiri la Soche lidagumuka. Matope, mitengo ndi miyala ikuluikulu zidatsikira pa nyumba za anthu ku Chilobwe, kwathu ku Manje ndi m'madera ena ozungulira phirili. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa, ndipo tsiku limenelo tidaona ndi maso athu madzi akutsata njira zawo zakale, zimene ife tidamangamo nyumba. M'dziko lonse anthu oposa 600 adamwalira, mazana ena sadapezeke, ndipo oposa theka la miliyoni adasowa pokhala. Ife tidapulumuka tonse, ngakhale khoma limodzi la nyumba yathu lidagwa. Koma pakati pa osapezekawo padali mnzake wa mwana wanga, amene ankaima pagolo pa masewera awo aja.

Tidasungidwa pa sukulu ina pamodzi ndi mabanja ambirimbiri. Kumeneko mwana wanga adaleka kuyankhula. Ukamufunsa kanthu ankangogwedeza mutu. Nsima ankangoitsina kawiri n'kusamba m'manja, ndipo usiku lole ikadutsa pamsewu ankadzidzimuka n'kuthamangira kukhomo, poganiza kuti phiri layambanso. Ndidayesa kumunyengerera, ndidayesa kumukalipira, osaphula kanthu. Mwana amene ndinkadandaula naye kuti ndi waphokoso adasanduka ngati mlendo wosadziwa chinenero chathu. Inu amene mudaonapo mwana ali chete chotero mukudziwa kuti kuli bwino kumva phokoso la magalasi akusweka.

Tsiku lina, m'sabata yachitatu, ndidamusowa. Ndidamufunafuna mtima uli m'mwamba, kufikira ndidamupeza kumunsi, kumene madzi adasiya mchenga woyera ndi wosalala pamalo pamene kale padali dimba. Adali ndi anzake atatu otsala aja, ndi chikulunga chomanga ndi mapepala amene tidalandiriramo zakudya. Ankangopatsirana mwakachetechete. Miyala ya golo adaika ndithu, koma pagolopo padalibe munthu. Padalibe wofuna kuimapo, ndipo padalibenso womenya mpira molunjika kumeneko.

Mayi wina wachikulire adaima pafupi nane nati, "Mayi, kodi ana awa ndi anu? Anthu akufunafunabe abale awo m'matope kumtundaku, iwo ali pa mpira. Mwambo uli kuti?" Mawu awo sadali oipa, ndipo ine ndemwe ndikadanena zomwezo chaka chapitacho. Dzanja langa lidayamba kale kufuna mkwapulo mwa chizolowezi. Koma nthawi yomweyo ndidamva mwana wanga akufuula kuti, "Ponya kuno!" Awa adali mawu ake oyamba okweza chigumukire phiri. Ndidatembenuka ndi kunena kuti, "Agogo, alekeni. Nawonso ali pa maliro, koma kulira kwa ife akuluakulu sakudziwa."

Mwana wanga wamkazi, wa zaka 13, adali atanditsatira. Sadafunse munthu. Adavula patapata, namanga chitenje chake zolimba m'chiuno, nakaima pakati pa miyala iwiri ija. Anyamata adayang'anana kwa kanthawi. Kenaka mlongo wake adaunjika kamulu ka mchenga ndi phazi, monga adaonera pa lamya, naikapo chikulunga, namenya mofatsa. Mtsikanayo adagwira. Adakhalanso asanu.

Usiku umenewo mwana wanga adamaliza nsima yake ndipo adagona mpaka kucha. Sindikunena kuti mpira ndi mankhwala a chisoni, pakuti padapita miyezi yambiri asadaleke kudzidzimuka, ndipo mpaka lero mitambo ikada kuphiri amakhala pafupi ndi khomo. Ndikungonena kuti khomo limene mawu anga adalephera kutsekula, chikulunga chidatsekula. M'mawa mwake ndidachita chinthu chimene amayi anga sadandichitirepo ine, ndipo sindidaganizepo kuti ndingachitire mwana wobala ndekha. Ndidamukhazika pansi ndi kunena kuti, "Mwana wanga, tsiku lija mchenga udandiwawa, koma chikulunga chako sindikadatentha, ndipo mawu aja sindikadanena." Iye adakanda pansi ndi chala cha kuphazi nati, "Chidali chitatha kale, amayi." Ndidadziwa kuti akunama pofuna kundipepuza, ndipo ndidalowa m'kalasi mmene tinkagona kukalira pandekha.

Titabwerera kunyumba, ndidakamba nkhaniyi ndi amayi anzanga asanu amene timawola nawo mchenga. Padali malo ena amene mwini wake adasamukapo poopa madzi, ndipo adatilola kuti ana azisewerapo m'chilimwe. Tidapangana kuti aliyense azithirapo ndowa zingapo pa sabata. Tidayamba tatola misomali, magalasi ndi zidutswa za malata zimene madzi adasiya, ndipo mchenga tidausefa ndi sefa yobwereka kwa amisiri, popeza phazi lopanda nsapato silikhululukira msomali. Bwalo lathu silifika ngakhale theka la muyeso wa ku Vilankulo, ndipo magolo ake ndi a nsungwi. Aliyense wa ife adatayapo ndalama za masiku angapo, ndipo mmodzi adakangana ndi amuna ake pa chifukwa chimenechi. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo pomwe ndowa za munthu mmodzi zikadalephera, za anthu asanu ndi mmodzi zidakwanira. Ubwino wa mpira wa anthu ochepa ndi womwewu: sulira malo aakulu, sulira nsapato, ndipo ana khumi okha akwanitsa matimu awiri. Mvula ikayamba timatseka, pakuti malowo ali m'njira ya madzi. Ifenso tidaphunzirapo kanthu pa ntchito yathu: tidaleka kukumba m'magombe a mtsinje, timangowola umene madzi abweretsa pakati.

Vuto lina lidabuka m'nyumba mwanga momwe. Bambo atamva kuti mwana wawo wamkazi ndiye amaima pagolo, adakwiya nati, "Mtsikana woti watsala pang'ono kutha msinkhu azigudubuzika pamchenga pamaso pa anyamata? Anthu atiyesa otani?" Sindidawayankhe tsiku lomwelo, pakuti mwamuna wochokera kuntchito ya usiku sakambirana naye mlandu asadagone. Ndidadikira kufikira Okutobala 2023, pamene timu ya amayi ya dziko lino, ya Scorchers, idatenga chikho cha COSAFA ku South Africa itagonjetsa Zambia ndi zigoli 2 kwa 1. Bambo adalumpha pampando ndi chimwemwe, akutchula dzina la Temwa Chawinga ngati la mwana wawo. Atakhala pansi ndidawapatsa madzi akumwa ndi kufunsa mofatsa kuti, "Kodi Temwa ndi mkulu wake Tabitha, makolo awo ku Rumphi akadawamangirira pamtondo, bwenzi lero mukuvinira yani?" Adaseka, nakhala chete, kenaka nati mwana azisewera, koma azivala modzilemekeza ndipo pabwalopo pazikhala munthu wamkulu wamkazi. Mawu amenewa adali anzeru, ndipo mpaka lero timasinthana kukhalapo.

Kuyambira pamenepo nkhani za mpira wa anthu asanu sizindipita. Mu Okutobala 2024 anyamata athu adapitanso ku mpikisano wa mu Africa, ulendo uno ku Hurghada m'dziko la Egypt, ali m'gulu la mayiko 8. Kumenekonso sadafike m'ndime zomaliza, ndipo Senegal idatenga chikho kachisanu ndi chitatu itagonjetsa Mauritania ndi zigoli 6 kwa 1. Mu Meyi 2025 mpikisano wa dziko lonse lapansi udachitikira pa zilumba za Seychelles, koyamba kuchitikira muno mu Africa, ndipo Brazil idapambana Belarus ndi zigoli 4 kwa 3. Palinso mpira wina wa anthu asanu wotchedwa futsal, umene amasewera pabwalo losalala lolimba, kawirikawiri m'nyumba. Mu Epulo 2025 ku Morocco kudachitika mpikisano woyamba wa amayi a mu Africa pa mpira umenewu, ndipo atsikana a ku Tanzania, anansi athu enieni, adafika m'ndime yomaliza, napeza mwayi wokasewera pa mpikisano woyamba wa amayi wa dziko lonse lapansi ku Philippines kumapeto kwa chaka chomwecho. Mwana wanga wamkazi atamva zimenezi adandifunsa kuti, "Amayi, kodi ku Tanzania ndi kutali?" Ndidamuuza kuti malire ake ali ku Songwe, kupitirira Karonga, ndipo basi imafikako.

Pamenepa ndichenjeze, kuopa kuti wina anganene kuti mayi wa ku Manje akuphunzitsa ana kuthawa sukulu. Mwa ana zikwizikwi amene amamenya chikulunga, ndi owerengeka okha amene adzavale malaya a dziko, ndipo mwa iwonso ndi ochepa amene mpira udzawadyetse. Tisawanamize ana athu. Pabwalo lathu pali malamulo atatu amene sitisintha: wojomba kusukulu sasewera, wosatunga madzi kapena kutsuka mbale sasewera, mnyamata ndi mtsikana chimodzimodzi, ndipo dzuwa likalowa aliyense kwawo. Chodabwitsa ndi chakuti ntchito zimene kale ndinkachita kukalipa kuti zigwiridwe, lero zimatha ndisadatsekule pakamwa. Ndiponso ndikafuna mwana wanga ndimadziwa kokamupeza, pamene amayi ena amafunafuna awo m'mashabini ndi m'nyumba zoonetsa kanema.

Chimene chimandiwawabe ndi chimodzi. Mwana uja amene ankaima pagolo adaona ine ndikukwapula mnzake, ndipo tsiku lomwelo ndidamupirikitsa ndi mawu oipa. Sadabwerenso pakhomo panga. Kwa mwana wanga ndidapeza mpata wopepesa, koma kwa iye mpatawo sudzapezekanso. Ndikamasefa mchenga wa pabwalo lija ndimamukumbuka.

Tsono amayi anzanga, mukaona ana aika miyala iwiri uku, iwiri uko, pakhomo panu kapena m'mphepete mwa dimba lanu, musafulumire kuthyola mkwapulo. Ngati aononga, auzeni chimene aononga ndipo akonze, pakuti thukuta la mayi liyenera kulemekezedwa. Koma mukatero, asonyezeni pena pamene angasewere, ngakhale patakhala pang'ono ngati pabwalo lopunthira chimanga. Kumudzi pemphani kwa anyakwawa kamalo kotsala. M'tauni gwirizanani ndi anansi anu malo onse asadathe ndi maziko a nyumba. Apongozi anga a ku Nkhotakota adabweranso chaka chatha, ndipo ndidawatenga kukaona bwalo lathu. Adakhala pamwala nthawi yaitali akuonerera adzukulu awo, wina akumenya wina akugwira. Pobwerera adangondifunsa kuti, "Apongozi, mawu aja mudabweza?" Ndidati, "Ndidabweza, amayi." Iwo adati, "Mwachita bwino," ndipo tidapita kukaphika.